Mankhwala Aulere Amathera pa Malire

Wolemba: Ofisala wa Zofalitsa Nkhani, Chadiza

Sabata ino ndifuna tikambirane nkhani imene ambiri a ife sitiiganizira pomanga katundu wa pa ulendo. Munthu akati apite kunja kwa dziko amawerengera ndalama ya basi, ya cakudya ca pa njira, ya malo ogona ndi ya katundu amene akukagula. Akamaliza amamanga thumba lake nanyamuka. Ndi owerengeka okha amene amadzifunsa kuti: kodi ndikakadwala kumeneko, adzandilipirira cipatala ndani? Ine ndinali mmodzi wa osafunsawo kufikira caka ca 2023, pamene funsoli linagogoda pa khomo pathu, ndipo pocoka linapita ndi ng'ombe zathu ziwiri zolimira.

Ife a ku Chadiza ndife anthu a m'malire. Kummwera kwathu kuli Mozambique, ndipo Malawi sali patali, pakuti wodzera ku Vubwi kapena pa Mwami amafika tsiku lomwelo. M'midzi ya Mfumu Mlolo, Mfumu Mwangala ndi Mfumu Zingalume ndi mabanja ocepa amene alibe mbale tsidya lija. Mwezi wa August tikasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, Acewa a maiko atatu timagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi, ndi kulankhula cinenero cimodzi. Makolo athu ankayenda pansi kupita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Lero ana athu amakwera basi kupita ku Lilongwe, Tete, Harare, Dar es Salaam ndi Johannesburg, ena kukagula katundu, ena kukafuna nchito. Kuyenda kuli m'magazi mwathu, ndipo n'cifukwa cake timaiwala kuti malire alipo. Koma malire amene miyendo siyiwaona, munthu amakawaona tsiku limene wagona pa bedi la cipatala ca eni ake.

Lamya ya pakati pa usiku

Mlongo wanga wamng'ono ndi mai wa ana atatu. Amadyetsa banja lake ndi malonda a mabulangete, nsapato ndi ziwiya za m'nyumba zimene amakagula ku Johannesburg. Mu October 2023 ananyamuka monga mwa nthawi zonse, kudzera ku Chipata ndi ku Lusaka, nakwera basi yaikulu yooloka pa mlatho wa Kazungula. Anacoka kuno akumva kupota m'mimba, koma anati mwina ndi cakudya cabe, nagula mapilitsi pa kantemba. Atakhala kumeneko masiku awiri anagwa pansi m'sitolo ali pakati posankha katundu. Mai wina amene amayenda naye anandiimbira lamya pakati pa usiku nati: "Abambo, alongo anu ali m'cipatala ca boma kuno. Adotolo akuti awacita opareshoni usiku womwe uno. Bwerani."

Pa mwambo wathu mbumba ikadwala, woyamba kufunsidwa ndi mlongo wake wamwamuna. Kutaca ndinapempha chuthi ku nchito, ndinabwereka ndalama ya basi kwa anzanga a cilimba, ndi kuuyamba ulendo umene sindinaukonzekere.

Ndinene mosabisa kuti adotolo ndi anamwino a cipatala cimeneco anagwira nchito yao bwino. Kathumbo kakang'ono kamene amakacha apendikisi kanali kataphulikira m'mimba, ndipo akanacedwa tsiku limodzi bwenzi tikusimba za maliro. Palibe amene anamufunsa ndalama asanamugoneke pa thebulo la opareshoni. Pamene ndinafika ndinamupeza atatsitsimuka, ali ndi mipaipi m'manja, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Mtimawo sunakhalitse pansi. Tsiku lacitatu anandiitana ku ofesi ya malipiro. Kalaliki anatenga pasipoti ya mlongo wanga, nayang'ana cidindo ca pa malire, nandiuza mwaulemu kuti wodwalayo ndi mlendo wongoceza m'dzikomo, cotero ali m'gulu la olipira mtengo wonse. Ananditambasulira pepala. Bedi linali ndi mtengo wake pa usiku uliwonse. Cipinda ca opareshoni cinali ndi mtengo wake. Dotolo wong'amba, dotolo wogoneka tulo, kupima magazi, kujambula m'mimba, madiripi ndi mankhwala, ciliconse cinali pa mzere wakewake. Ndinawerengera marandi aja m'makwaca kawiri, poganiza kuti ndaphonya masamu. Sindinaphonye. Malipiro anga a miyezi ingapo sakanakwana.

Ndinaturutsa khadi langa la NHIMA ndi citupa cobiriwira ca NRC ca mlongo wanga, monga munthu womira amene agwira ngakhale udzu. Kalaliki anaziyang'ana nazibweza, nati zimenezo n'za kwanu.

Madzulo ake mnyamata wina wa kwathu konkuno, amene wakhala kumeneko zaka zambiri, anandipatsa nzeru yake. Anati: "Akulu, akangomuturutsa kwerani basi. Adzakupezani kuti ku Chadiza?" Sindinama, usiku umenewo ndinaiganizira nzeruyo. Koma cilonda cinali cisanapole, ndipo wodwalayo anayenera kubwerera kuti akacotse ulusi. Ndiponso malonda ake ali komweko, ndipo dzina lake linali litalembedwa kale m'mabuku ao. Ndinakumbukiranso mau a akulu akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mzambia wina amene adzagwe m'sitolo mawa adzalandiridwa monga mwa mbiri imene ife oyamba tinasiya.

Ndinaimbira atsibweni athu kumudzi, amene amasunga khola la banja. Anakhala cete pang'ono, kenaka anati: "Mphwanga, gulitsani ng'ombe. Ng'ombe tidzagula zina, koma mbumba sitingaipeze pa msika." Zinagulitsidwa ziwiri, zomwe zija zokoka pulawo, ndipo zinapita mochipa, pakuti wogula akadziwa kuti muli pa moto mtengo amachula ndiye. Tinalipira gawo lalikulu, ndipo lotsala ndinasainira kuti ndidzatumiza pang'onopang'ono. Ndalama ya katundu imene mlongo wanga anapita nayo inathera m'zakudya, malo ogona ndi matakisi a ku cipatala. Tinabwerera m'November, mvula yoyamba itagwa kale, iye ali ndi cipsera, ine ndili ndi ngongole, thumba la mabulangete lili lopanda kanthu. M'basi anandiuza kuti: "Alongo, ine ndiye ndagwetsa banja." Ndinamuyankha kuti banja limagwa ndi maliro, ndipo ife tikupita kwathu tonse awiri. Caka cimeneco tinalima ndi makasu, tinabzala mocedwa, ndipo pamwamba pake panadza cilala cija cimene Boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko mu February 2024.

Kodi anatilakwira?

Masiku oyamba ndinali wokwiya, ndipo ndinkauza aliyense kuti atidyera masuku pamutu. Nditafufuza malamulo a dzikolo ndinapeza kuti kalaliki uja anangotsata zolembedwa. Ndi bwino owerenga adziwe malamulowo, pakuti ambiri a ife tili ndi ana kumeneko.

Lamulo lalikulu la dziko la South Africa, la caka ca 1996, pa ndime 27 limati munthu aliyense asakanizidwe cithandizo pamene moyo wake uli pa ngozi. N'cifukwa cake mlongo wanga anamucita opareshoni asanafunse za ndalama. Komatu kusakanizidwa ndi kusalipira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Adzakupulumutsani lero, ndipo pepala la ngongole lidzakutsatani mawa. M'zipatala zao zikuluzikulu za boma odwala amaikidwa m'magulu. Nzika za dzikolo, pamodzi ndi alendo ena monga othawa nkhondo, zimalipira molingana ndi zimene zimapeza, kotero kuti wosauka amalipira pang'ono kapena osalipira konse. Koma mlendo amene walowa ndi cidindo ca kuceza amawerengedwa ngati munthu wodzilipirira zonse.

Palinso ufulu wina umene amai athu ayenera kuudziwa. Lamulo lao la za umoyo la 2003 limati amai apakati, amai oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa kwaulere m'zipatala za boma. Zipatala zina zinayamba kulipiritsa amai acilendo pobereka, ndipo mu April 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linagamula kuti ufulu umenewu ndi wa mai ndi mwana aliyense, kaya ndi wa dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena alibe. Amene sadziwa zimenezi amalipira ndalama imene sayenera kulipira, ndipo wina amaberekera m'nyumba cifukwa ca mantha.

Ngakhale pamene lamulo lili kumbali ya mlendo, pa cipata pamakhala zina. Mu 2022 ndiponso mu 2025 gulu lochedwa Operation Dudula linkaima pa zipata za makiliniki ena, kufunsa zitupa ndi kubweza odwala acilendo. Mu November 2025 bwalo la milandu linaletsa mcitidwewo. Koma taganizani za mai amene wabwezedwa pa cipata mwana ali kumsana thupi likutentha. Ciweruzo ca bwalo cimadza patapita miyezi, pamene malungo sadikira ngakhale sabata.

Caulere cili ndi wolipira

Cimene cinandibvuta kwambiri pa ofesi ija n'cakuti moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo mtengo wa bedi la cipatala utalembedwa pa pepala. Ndinazolowera kupita ku kiliniki ndi kabuku, kupimidwa, kulandira mankhwala ndi kubwerera kunyumba. Ndinkaganiza kuti ndi mmene dziko lapansi liliri. Acinyamata anzanga ambiri amaganiza cimodzimodzi, cifukwa sitidziwa kumene tacokera.

Titalandira ufulu mu 1964, Boma la Dr Kenneth Kaunda linati cithandizo ca m'zipatala za boma cikhale caulere. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970 ndalama zinayamba kucepa, ndipo mankhwala anayamba kusowa. Mu 1993 malipiro anayambika m'zipatala ndi m'makiliniki, kupatula kwa ana aang'ono, okalamba ndi odwala matenda ena. Amai athu amakumbukira bwino zaka zimenezo, pamene munthu ankayamba wagulitsa nkhuku kapena mbale ya nshawa asanapite kukaonana ndi namwino, ndipo ambiri ankangogona m'nyumba kudikira kuti mwina thupi lidzipoza lokha. Mu April 2006 Boma la President Levy Mwanawasa linacotsa malipirowo m'maboma a kumidzi, ndipo ife a ku Chadiza tinali m'gulu limenelo. Mu 2012 anacotsedwa m'makiliniki a dziko lonse. Pambuyo pake panadza lamulo la inshuwalansi ya umoyo la 2018, limene linabala NHIMA. Ife a pa nchito timadulidwa K1 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndipo wotilemba nchito amaonjezapo K1 yina.

Tsono onani, abale anga. Bedi la pa cipatala ca boma ca Chadiza nalonso lili ndi mtengo, monga bedi lija la ku Johannesburg. Diripi ili ndi mtengo, ambulansi yopita ku Chipata imamwa mafuta, ndipo namwino amalandira malipiro pa kutha kwa mwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti pepala la ngongole silibwera kwa wodwala. Limapita ku thumba la dziko, limene tonsefe timaponyamo. Mlimi akagula sopo, nsapato kapena malata amalipira msonkho ngakhale sauona. Mphunzitsi, msilikali ndi wa m'migodi amadulidwa pa malipiro. Maiko ndi mabungwe akunja amaikapo gawo lao, makamaka pa mankhwala a malungo, cifuwa cacikulu ndi ma ARV. Mankhwala aulere ali ngati nkhokwe ya mudzi imene aliyense anathiramo dengu lake. N'cifukwa cake munthu sangainyamule pa ulendo. Nkhokwe imatsala pamene inamangidwa, ndipo khadi la NHIMA limatsegula zitseko za zipatala zobvomerezedwa za muno mu Zambia mokha.

Ndikudziwa cimene ena a inu mukunena powerenga mau awa. Mukuti: "Caulere canji, pamene tikapita ku kiliniki amatilembera kapepala kuti tikagule tokha mankhwala?" Zimenezo n'zoona, ndipo inenso kapepalako ndinakalandirapo. Pali midzi imene wodwala amanyamulidwa pa ngolo mtunda wautali, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikadzala njira imatsekeka. Boma linalemba anchito a za umoyo oposa 11,000 mu 2022, koma mizere ikali yaitali. Tiyenera kupitiriza kudandaula kwa makhansala, kwa aphungu ndi ku makomiti a umoyo a m'midzi mwathu. Tiyeneranso kukhala maso, pakuti mankhwala ena amaturukira pa khomo la kumbuyo. Mu May 2025 dziko la America linalengeza kuti licepetsa thandizo lake la mankhwala ndi madola 50 miliyoni pa caka cifukwa ca umbava wotere. Amene amagula mapilitsi a boma pa msika akuthandiza mbala kuboola nkhokwe ya mudzi wake womwe. Koma podandaula tisaiwale kulemera kwa cimene tili naco. Opareshoni yonga ija, akanacitidwa kuno kwathu, ng'ombe zathu bwenzi zili m'khola.

Dziko lililonse ndi mwambo wake

Sikuti kulikonse mlendo amalipiritsidwa. Mu 2022 ndinapita ku maliro m'boma la Mchinji, ku Malawi, pamodzi ndi mwana wanga wamwamuna. Usiku wa ciwiri thupi lake linatentha. Pa cipatala cacing'ono ca boma anatiuza kugula kabuku ka umoyo, ka mtengo wocepa, ndipo anamupima magazi napeza malungo. Anatipatsa mankhwala amene kuno timati Coartem, kumeneko amati LA, ndipo sitinalipire kanthu. Palibe anafunsa kuti mwanayu ndi wa dziko liti. Koma abale a kumeneko anandicenjeza kuti tikanapita ku cipatala ca mishoni tikanalipira, pakuti zipatala za mipingo m'Malawi zimalipiritsa pa matenda ambiri. Munthu wosadziwa amangolowa pamene waona mtanda wofiira.

Maiko a kutali ndiye amafuna ndalama munthu asanadwale n'komwe. Ana athu ena ndi anamwino ku Britain, ndipo amaitana amai ao kuti akaone mdzukulu. Kuyambira mu 2015, munthu wopita kukakhala m'dzikolo miyezi yoposa 6 amalipiriratu ndalama ya cipatala pamodzi ndi ya viza, ndipo mu February 2024 ndalamayo inakwezedwa kufika mapaundi 1,035 pa caka kwa munthu wamkulu. Opita pa viza ya nchito za umoyo salipira ndalama imeneyi. Koma agogo opita kukaceza sali m'gulu limenelo. Ku England adzawalandira kwaulere pa cipinda ca ngozi, koma akangowagoneka m'wodi amawerengeredwa mtengo wonse ndi kuonjezapo theka lake pamwamba. Maiko ena a ku Ulaya, monga Germany ndi France, sapereka viza ya mlendo kwa munthu wopanda inshuwalansi ya matenda yofika mayuro 30,000. Iwo anaona kale kuti mlendo akhoza kudwala, nakonzeratu wolipira. Ife tokha ndife timayenda modalira mwai.

Mlendo pa kiliniki yathu

Pali mau ena amene ndimawamva pa mizere ya makiliniki athu a m'malire, ndipo kale inenso ndinkawabvomereza. Anthu amati: "A ku Mozambique awa ndiwo akutithera mankhwala." Kucokera tsiku limene ndinaima pa ofesi ija pasipoti ili m'manja, mau amenewa amandilasa mumtima, cifukwa ndi omwewo amene amanenedwa za ana athu ku Johannesburg.

Mai amene waoloka malire ndi mwana wodwala sanabwere kudzaba. Wabwera cifukwa kiliniki yathu ndiyo ili pafupi ndi mudzi wake, ndipo kawirikawiri mfunda wake ndi Banda kapena Phiri monga ife. Udzudzu sufunsa citupa. Mwana wa tsidya lija akapanda kulandira katemera wa cikuku, cikukuco cidzafika pa sukulu ya ana athu, ndipo kolera ikabuka uko madzi ake ndi omwe timamwa kuno. Kuciza mnansi ndi kuchinjiriza nyumba yako yomwe. Makolo athu anadziwa zimenezi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ambiri anathawira kuno ku Chadiza, ku Katete ndi ku Petauke, ndipo mu 1987 Boma linatsegula malo a Ukwimi kuti akhaleko. Midzi yathu inagawana nao nsima ndi zipatala pa nthawi imene ifenso tinali pa umphawi. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Funso la ndalama lilipo ndithu, ndipo sindilithawa. Ngati kiliniki ilandira mankhwala owerengeredwa pa anthu a m'midzi yathu yokha, pamene odwala akucokera mbali zonse ziwiri, mankhwala adzatha mwezi usanathe. Koma mlandu umenewo si wa mai wobereka mwana kumsana. Ndi nchito ya maboma kukhala pansi ndi kuwerengera pamodzi. Maiko a SADC anasainirana pangano la za umoyo ku Maputo mu 1999. Ife a m'malire tikupempha kuti pangano limenelo litsike m'mabuku, lifike pa shelefu ya mankhwala ya kiliniki ya kumudzi, ndiponso kuti litichinjirize ifenso tikadwala kwa anzathu.

Musananyamuke

Safunsa anadya phula. Kwa onse amene akukonza ulendo, nazi zimene banja lathu linaphunzira pa mtengo wa ng'ombe ziwiri.

Coyamba, musanyamuke ndi matenda m'thupi. Mlongo wanga akanapita ku kiliniki tsiku lija anayamba kumva m'mimba, bwenzi matendawo atapezeka kuno. Pimitsani pamene kupima kuli kwaulere. Mai wapakati amene masiku ake ayandikira aleke ulendo wa malonda kufikira atacira.

Caciwiri, amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV, uzani anamwino za ulendo wanu kuti akupatseni okwanira masiku onse ndi ena apadera. Nyamulani kabuku kanu ka cipatala, ndipo ngati mukukakhalitsa pemphani kalata yosamutsira. Dotolo wa kwina akaona zolembedwa sayambanso kupima zonse, ndipo kupima kulikonse ndi ndalama.

Cacitatu, yendani ndi mapepala oyenera, kaya ndi pasipoti kaya ndi cikalata ca pa malire, ndipo dzerani pa cipata codziwika monga Chanida kapena Mwami. Wodzera njira za m'chire akadwala amaopa cipatala, nabisala kufikira matenda atakula. Mukagonekedwa masiku a pa cidindo n'kutha, tengani kalata ya dotolo. Ku South Africa, kuyambira mu 2014, wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso kwa caka kapena kuposerapo, ndipo kalata ya cipatala ndiyo ingamuthandize pocita apilo.

Cacinai, patulani ndalama ya matenda, yosakhudzana ndi ya katundu. Funsani ku makampani a inshuwalansi ku Chipata kapena ku Lusaka za inshuwalansi ya pa ulendo, ndipo akuwerengereni bwino zimene imalipira ndi zimene siilipira musanasaine. Amai a malonda amene muli m'magulu a cilimba ndi mabanki a m'midzi, yambitsani thumba lapadera la ngozi za pa ulendo. Mutu umodzi susenza denga. Thumba lomwelo lidzathandiza ngati, Mulungu aletse, pafunika kubweretsa maliro kumudzi, pakuti mtembo umaoloka malire ndi ndalama zambiri kuposa munthu wamoyo.

Cacisanu, mukafika pa cipatala ca eni, funsani msanga gulu limene akuikani ndi mtengo wake. Pemphani pepala lolembedwa zonse, sungani malisiti, ndipo ngati simungathe kulipira nthawi imodzi kambiranani zolipira pang'onopang'ono. Lembani m'kabuku nambala ya lamya ya ofesi ya kazembe wathu, ku Pretoria, Lilongwe, Harare kapena Maputo. Kazembe sadzakulipirirani ngongole, koma akhoza kudziwitsa abale ndi kuthandiza pa mapepala.

Kwa akuluakulu a Boma pempho langa ndi lacidule. Pa zipata za malire paikidwe zikwangwani za m'Cinyanja zofotokoza zimenezi, ndipo mawailesi a m'cigawo cathu azikambe kawirikawiri. Unduna wa za Umoyo ndi a NHIMA aganizire njira yoti wamalonda wamng'ono azigula inshuwalansi yochipa pamodzi ndi tikiti ya basi. Anthu amenewa amabweretsa katundu ndi msonkho m'dziko, ndipo sayenera kusauka cifukwa ca usiku umodzi wa matenda.

Mlongo wanga anacira, ndipo anayambanso malonda ndi ndalama yobwereka ku gulu lake. Ngongole ya cipatala ija ndinaimaliza patapita miyezi yambiri. M'khola mwa atsibweni tsopano muli kamthena kamodzi kamene tikukaphunzitsa goli, ndipo tikuyembekeza kupeza kanzake tikagulitsa soya. Masiku ano mlongo wanga akamanga thumba la pa ulendo, kabuku ka cipatala kamalowa poyamba, ndipo ndalama ya matenda amaisokerera m'nsalu payokha. Inunso, abale ndi alongo, pamene mwana wanu adzabwera kudzatsazika kuti akupita kunja, musangomufunsa za tsiku lobwerera. Mufunseni kuti akakadwala adzalipira ndani, ndipo asacoke pa khomo asanayankhe.